Chinangwa ku Mozambique, lisiti ku Zambia, satifiketi ku Malawi: mlimi akupeza chiyani m'botolo?

Chinangwa chikazulidwa sichidikira munthu. Pakangopita tsiku limodzi kapena awiri chimayamba kuda mitsempha mkati, ndipo wogula akachithyola n'kuona mizere yakudayo amangopukusa mutu. Mavenda amachidziwa bwino chimenechi. N'chifukwa chake safulumira kutchula mtengo, amadziwa kuti dzuwa likamapendeka wogonja ndi mlimi. Ndayambira pa chinangwa chifukwa makampani ambiri a zakumwa masiku ano akuti amagula zokolola mwachilungamo, ndipo ngati mawuwo ali ndi mutu, ayenera kuonekera pomwe mlimi waima ndi thumba lake pafupi ndi sikelo. Mozambique, Zambia ndi Malawi, aliyense wayenda njira yakeyake pa nkhaniyi.

Anzathu a ku Mozambique ndiwo anayamba kulimbana ndi chinangwa chenichenicho. Mu 2011 kampani ya Cervejas de Moçambique, yomwe nthawi imeneyo inali m'manja mwa kampani yaikulu ya mowa ya SABMiller, inatulutsa mowa wa Impala ku Nampula. Magawo 70 pa 100 aliwonse a zofululira anali chinangwa, otsalawo chimera cha balere. Vuto la kuwola analithetsa mwanzeru. M'malo moti chinangwa chiyende ulendo wautali kupita ku fakitale, fakitale ndiyo inkapita kumudzi. Kampani ya ku Netherlands yotchedwa DADTCO inabweretsa makina okwera pa lole, omwe amatsuka, kupera ndi kufinya chinangwa chongozulidwa kumene n'kusanduka phala louma lotha kusungika miyezi. Boma nalo linaikapo dzanja: mowa wa chinangwa linaudula msonkho wa 10 peresenti pomwe mowa wa chimera unkalipira 40.

Ndimaigomera njira imeneyi, sindibisa. Mbewu yomwe anthu ankangoti ndi yopulumukira njala inapeza msika wa ndalama. Koma taganizirani mlimi amene makinawo aima m'dera lake sabata ino. Wogula ndi mmodzi, mtengo ndi umodzi, chinangwa wazula kale. Akakana apita nacho kuti? Makina aja anachotsa venda pakati, koma mphamvu yotchula mtengo sinasamukire kwa mlimi, inangochoka kwa wogula wamng'ono kupita kwa wogula wamkulu.

Ndiye pali msonkho uja, umene ndi mwendo womwe malonda onsewa aimirapo. Amene akufuna kudziwa zomwe zimachitika mwendowo ukathyoka ayang'ane ku Kenya. Mowa wa Senator Keg unayamba mu 2004 ndipo unakula chifukwa boma linaukhululukira msonkho, alimi a mapira n'kupeza msika. Mu 2013 boma linabwezeretsa theka la msonkhowo, mtengo wa mowa unakwera, malonda anagwa, kampani yofulula mowawo n'kuleka kugula mapira. Alimi anatsala ndi matumba m'nyumba mpaka 2015 pomwe boma linabwerera m'mbuyo. Pamsonkhano womwe anagwirizana za msonkho, wolima mapira sanakhalepo, koma ndiye anayamba kumva kuwawa.

Ku Zambia anatenga nzeru yomweyo ya mowa wotsika mtengo wofulula ndi mbewu za m'dzikomo. Eagle Lager wa Zambian Breweries anayamba ndi mapira, kenako n'kulowetsamo chinangwa, makamaka cha ku Luapula. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amagula makaka. Mlimi amasenda, kuduladula n'kuyanika yekha, ndipo makaka savunda mawa. Ameneyo angathe kunena kuti lero sindigulitsa. Kanthu kakang'ono, koma pamalonda n'kakakulu.

Chomwe chinandikopa kwambiri n'chimene a Zambian Breweries anayamba mu 2018, kampani ina yaikulu ya mowa ya AB InBev itagula kale eni ake, SABMiller, mu 2016. Anagwirizana ndi kampani ya BanQu kuti malonda aliwonse azilembedwa mu kaundula wa pa kompyuta, wa mtundu uja amati blockchain, woti munthu mmodzi sangaufufute mwakachetechete. Mlimi akapereka thumba, pa foni yake yamabatani pamabwera uthenga wonena makilogalamu, giredi, mtengo ndi ndalama zonse. Za blockchain zo zisakuzunguzeni mutu. Nkhani ndi lisiti. Amene anagulitsapo mbewu kwa munthu wobwera ndi sikelo yakeyake, wolemba manambala pa chikhatho, akudziwa kuti kuba kwambiri kumachitika pakati pa sikelo ndi thumba la ndalama. Mayi wokhala ndi mauthenga a zaka zitatu mu foni ali ndi umboni woti ndi mlimi wogulitsa, umboni womwe angaonetse kwa obwereketsa ndalama, ndiponso womwe mwamuna wake sangautsutse akafunsa kuti ndalama za makaka zinali zingati.

Si kuti ku Zambia zonse n'zoyera. Mu 2017 Zambian Breweries inatsegula fakitale yopangira chimera ku Lusaka, ndipo chimera chomwe kale chinkachokera kunja tsopano chimapangidwa ndi balere wolimidwa m'dzikomo. Koma olima balere ndi eni mafamu akuluakulu okhala ndi mipope yothirira m'nyengo yozizira. Mawu akuti "zogulidwa kwathu konkuno" amaphimba anthu awiri osiyana kwambiri, wa thirakitala ndi wa khasu. Ndipo pa shuga, bungwe la ActionAid mu 2013 linatulutsa lipoti lodzudzula Zambia Sugar kuti inkalipira msonkho wochepa kwambiri poyerekeza ndi phindu lake, zomwe eni kampaniyo anatsutsa. Wogula shuga wothira mu zakumwa amafunsa za ukhondo ndi mtengo. Za msonkho wa womugulitsa safunsa kawirikawiri, chonsecho msewu wopita kumunda wa nzimbe umamangidwa ndi msonkho womwewo.

Nanga Malawi? Ife tinatsogola pa fakitale koma tinatsalira pa munda. Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo kampani ya ku France ya Castel inagula gawo lalikulu la kampaniyo mu 2016. Zaka zonsezi chimera cha mowa wa m'botolo chakhala chikuchokera kunja, moti ndalama zakunja zikasowa, ofulula nawo amagwira njakata. Pa mowa, anansi athu atiposa, tivomereze.

Mphamvu yathu ili pa shuga ndi tiyi, ndipo njira yathu yakhala ya satifiketi. Alimi a nzimbe a ku Kasinthula ku Chikwawa analowa mu Fairtrade, dongosolo lopereka satifiketi ya malonda achilungamo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ndalama yapamwamba yomwe ogula akunja amawonjezera inakumba mijigo ndi kukokera magetsi m'midzi. Koma Kasinthula yemweyo anavutika zaka zambiri ndi ngongole yoyambira ntchito, yomwe inatupa kwacha itagwa. Satifiketi sinalipire ngongoleyo. Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha kopaletivi ya Phata, yomwe inayamba mu 2011. Mabanja anasonkhanitsa minda yawo kukhala munda umodzi wothirira, aliyense n'kukhala ndi gawo molingana ndi malo omwe anapereka, nalemba ntchito akatswiri oyendetsa, n'kumagulitsa nzimbe ku Illovo ku Nchalo. Malo akadali awo. Pa zonse ndatchula m'mayiko atatuwa, apa pokha ndi pomwe mlimi amakhala pa tebulo ngati mwini, osati ngati wothandizidwa.

Malo ndiye chilonda cha nzimbe kulikonse. Bungwe la Oxfam litafalitsa mu 2013 za anthu olandidwa minda chifukwa cha shuga m'mayiko osiyanasiyana, Coca-Cola inalonjeza chaka chomwecho kuti sidzalekerera kulanda malo mwa onse oigulitsa shuga, PepsiCo inatsatira mu 2014, ndipo Illovo inalemba malamulo ake a za malo mu 2015. Ku Dwangwa madandaulo a anthu oti minda yawo inalowetsedwa m'masikimu a nzimbe popanda kuvomera kwawo anamveka kwa zaka zambiri. Ku Mozambique lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma, koma limazindikira ufulu wa mudzi womwe wakhala ukulima pamalopo ngakhale ulibe pepala, ndipo limafuna kuti anthu afunsidwe wamalonda asanapatsidwe malo. Pa pepala ndi lamulo labwino kuposa lomwe ife tinali nalo lisanabwere la malo a makolo la 2016. Kumudzi, kufunsa anthu nthawi zina kumathera pa msonkhano umodzi ndi siginecha ya mfumu, kuno ngakhale uko.

Tiyi ndiye anatiphunzitsa kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje akhala ndi zidindo za mabungwe oyendera kwa nthawi yaitali. Pulogalamu ya Malawi Tea 2020, yomwe inayamba mu 2015, inathandiza kuti mu 2016 eni maesiteti ndi bungwe la ogwira ntchito asainirane koyamba mgwirizano wa malipiro, ndipo chimenecho n'chenicheni. Komabe mu 2021 kampani ya Camellia inagwirizana zolipira amayi 36 omwe anakasuma ku London kuti ankachitidwa nkhanza zogonana m'maesiteti a kampani yake ya kuno, ngakhale sinavomere mlandu. Woyendera amabwera tsiku lodziwika, amaona zimbudzi, magolovesi ndi mabuku a malipiro. Mayi wa kontirakiti ya miyezi yochepa sangaulule za kapitawo kwa mlendo amene madzulo akwera galimoto n'kumapita.

Mutandifunsa chomwe ndingabwereke kwa anansi, ndingatenge lisiti la ku Zambia n'kuliphatikiza ndi umwini wa ku Phata, ndipo msonkho wa ku Mozambique ndingautenge pokhapokha utalembedwa kuti ukhala zaka zingati, komanso kuti kampani yopindula nawo igula matani angati kwa alimi ang'onoang'ono. Zidindo zathu zimagwira ntchito chifukwa wogula wa ku Ulaya amaziyang'ana. Chakumwa chogulitsidwa konkuno palibe amachitembenuza kufuna chidindo.

Ngakhale lisitilo lili ndi pomwe limalekezera. AB InBev polengeza zolinga zake za 2025 inalonjeza maphunziro ndi mwayi wa zachuma kwa alimi omwe imagula kwa iwo mwachindunji, ndipo mawu akuti mwachindunjiwo anawasankha mosamala. Uthenga umapita pa foni ya mwini munda. Waganyu amene anazula chinangwacho ndi mwana amene anajomba kusukulu kuti asende makaka, mayina awo mu kaundula uja mulibe.