Gerasim, Sofia ndi zenera la ku Astapovo

Dzulo usiku ndamaliza kuwerenganso kabuku ka Leo Tolstoy, mlembi wa ku Russia, konena za imfa ya Ivan Ilyich, kamene kanatuluka mu 1886, ndipo tulo sitinabwere.

Ivan ndi woweruza milandu wa zaka 45, munthu wolemekezeka ku St Petersburg. Tsiku lina akukonza makatani m'nyumba yake yatsopano, anaterereka pa makwerero n'kudzigunda cham'nthiti. Ululu umenewo sunamusiyenso mpaka kumanda. Anzake a kuntchito atamva za maliro, aliyense anayamba kuwerengera chamumtima kuti mpando wa malemuyo ugwera ndani. Mkazi wake Praskovya, mtembo ukadali m'nyumba, ankafunsa kale njira yopezera ndalama zambiri kuboma. Ndipo Ivan ali gone pa bedi, onsewa ankamunamiza kuti ndi matenda chabe, achira. Bodza limenelo linkamuwawa kuposa nthendayo.

Mmodzi yekha ndi amene sananame, Gerasim, mnyamata wa kumudzi amene ankagwira ntchito pakhomopo. Iyeyu ndiye ankataya zonyansa za wodwalayo popanda kukwinya nkhope. Ankasenza miyendo ya bwana wake pamapewa, nthawi zina usiku wonse, chifukwa akatero ululu unkachepako. Maganizo ake anali akuti tonse tidzafa, ndiye kuvutikira wodwala sikoyenera kuwerengera. Aliyense amene anayalapo chitenje pansi m'chipatala kudikirira mayi ake kapena mchemwali wake, Gerasim akumudziwa. M'buku lonseli ine chikondi ndachipeza pa mapewa a mnyamata ameneyu, komanso pa kamwana ka Ivan kamene kanagwira dzanja la bambo ake n'kulipsompsona kakulira.

Koma chimene chandisowetsa tulo kwenikweni ndi imfa ya mlembi mwini wake. Mu 1910, ali ndi zaka 82, Tolstoy anachoka usiku kwawo ku Yasnaya Polyana osatsanzika mkazi wake Sofia. Anadwala chibayo ali mu sitima, ndipo anamugoneka m'nyumba ya mkulu wa siteshoni ya Astapovo. Sofia anamutsatira. Mayi ameneyu anakhala naye pabanja zaka 48, anamuberekera ana 13, ankakopera pamanja zolemba zake mobwerezabwereza. Koma amene anazungulira wodwalayo anamuletsa kulowa. Anamulola pomaliza penipeni, mwamuna wake atakomoka kale.

Ndikudziwa kuti banja lawo linali lodzaza ndi mikangano, ndipo sindikunena kuti Sofia analibe zolakwa. Koma mtima wanga ukukana. Munthu amene anamvetsa bwino chonchi zimene wakufa amafuna kwa amoyo, anatsikira kulichete amene anamudziwa kuposa onse ali panja. Pali chithunzi cha masiku amenewo, Sofia ataima kunja kwa nyumbayo m'nyengo yozizira, akusuzumira pa zenera. Ndachiyang'ana nthawi yaitali m'mawa uno, ndipo ndikanakhala pa khomo limenelo, ine ndikanamutsegulira.