Cecil wake si Rhodes ayi

Alembi, m'nkhani yanu mwati Africa Unity Square, paki ya pakati pa mzinda wa Harare ku Zimbabwe, poyamba inkatchedwa Cecil Square polemekeza mtsamunda Cecil Rhodes. Pamenepo mwaphonya. Cecil wake ndi Robert Cecil, Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain nthawi imene Pioneer Column, gulu la atsamunda lotumidwa ndi Rhodes, inakweza mbendera ya Britain pamalopo pa 13 September 1890. Tinjira ta m'pakiyo, mukationera pamwamba, tikujambula mbendera yomweyo mpaka lero, ngakhale dzina linasintha pambuyo pa mgwirizano wa zipani za ZANU ndi ZAPU wa 1987.

Komanso ife a ku Malawi okhala kuno mwatiiwala. Kuyambira 1953 mpaka 1963, m'nthawi ya Chitaganya, nkhani zina za Nyasaland zinkagamulidwa mumzinda muno, womwe unali likulu la Chitaganyacho. Malemu agogo anga, mtchona wa ku Dedza, ankaphikira azungu ku Avondale, ndipo ankati pakiyo ankangodutsa cham'mbali, kukhala pa benchi osayerekeza.

Za Meikles Hotel ndi tchalitchi cha Anglican mwalemba bwino. Koma amayi ogulitsa maluwa mbali ya Jason Moyo Avenue bwanji osawatchula? Anzanga a ku Mbare ndi Mufakose, nkhata za pamaliro timakagula kuti ngati si pomwepo?