Dzenje la kwale likadzaza madzi timatani nalo? Kuno kwathu, ku Malawi ndi ku Zambia

Loweruka lapitali ndinadzuka kusanache kuno ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kuzizira kwa mu Julaye mukukudziwa kuja koluma zala, ndinapopa matayala n'kuyamba kupalasa kulowera cha ku Domwe. Njinga yanga si yodula ayi, ndi feremu yakale imene ndinagula pa msika ku Lizulu, ndinangoikako matayala onenepa a 40 mm ndi handulo yopindikira pansi ija basi. Kunjaku amaitcha gravel bike, ndiye kuti njinga yoyendera m'misewu ya dothi ndi timiyala, ndipo zafika patali moti mu 2022 ku Italy kunachitika mpikisano woyamba wa dziko lonse wa njinga zimenezi, ku Kenya nakonso amathamangitsana ku Maasai Mara. Ife misewu imeneyi ndi imene tinabadwiramo, matumba a mbatatesi ochokera ku Tsangano amatsika pa keliyala m'fumbi lomweli, kungoti sitinaganizepo kuti munthu ukhoza kupalasa opanda katundu, kungofuna kuona dziko lako.

Chandilembetsa ndi dzenje limene ndinaimapo pobwerera. Ndi limodzi mwa maenje aja amasiya okonza msewu akamaliza kukumba miyala, a Chipwitikizi amati pedreira, anzathu a ku Malawi amati kwale. Ladzaza madzi obiriwira, ali phee, mbali imodzi kuli khoma la mwala loongoka ngati lodula ndi mpeni, mbali ina kwamera bango ndipo atchete amanga zisa zawo zolendewera pamwamba pa madzi penipeni. Kunena zoona malowo ndi okongola, ndinakhala pa mwala ndikudya chimanga chootcha, amayi awiri akuchapa cha kumunsi, tianyamata tikuponya mbedza. Kenako kunabwera madala ena ndi ng'ombe zawo.

"Mwadzuka bwanji agogo?"

"Tadzuka mwanawanga, kaya inu. Mwabwera kudzasamba?"

Ndinati ayi ndikungopuma. Iwo anati mwachita bwino, n'kuloza ndi ndodo ku khoma kuja, "Apo panatidyera ng'ombe chaka chathachi, inaterera ikumwa madzi, tinaiona ikuzungulira kufuna potulukira koma pokwerera palibe. Okumba dzenjeli pochoka anati abwera kudzakwirira, mpaka lero." Ndinawafunsa ngati ana amasambira, anangoti "mwana ungamuletse madzi?"

Kuyambira pamenepo mutu wanga wakhala uli pa maenje amenewa, chifukwa ndayendako mbali zonse zitatu za malire ndi njinga yomweyi ndipo aliyense ali ndi kachitidwe kake.

Ndiyambe ndi a Malawi poti ndi apakhomo, ife ndi iwo timasiyana ndi msewu chabe, pa Lizulu ukaima pa M1 mbali iyi ndi Ntcheu mbali iyo ndi kwathu. Chimene ndimawasirira anthu amenewa ndi choti malo akangokhala ndi madzi ndi mitengo amadziwa kuwasandutsa pokachezera. Kwerani pa phiri la Zomba mukaone, damu la Mulunguzi ntchito yake ndi kupereka madzi akumwa mu mzinda, koma mozungulira muli tinjira ta m'paini toti upalase tsiku lonse, anyamata akugulitsa masitiroberi ndi nthudza m'mbali mwa msewu, ena akudikira kulondolera alendo ku Chingwe's Hole. Kumpoto ku Luwawa m'nkhalango ya Viphya nakonso kuli damu, malo ogona, ndi mpikisano wa njinga za m'mapiri. Ndikudziwa awa ndi madamu omanga osati maenje a kwale, koma nzeru yake ndi yomweyo, madzi, mthunzi, kanjira kabwino ndi munthu woyang'anira, ndalama imayamba kulowa m'mudzi.

Koma ndisawakometse kwambiri. Pa nkhani ya maenje enieni a miyala a Malawi sanatipose, ukadutsa pa Njuli ku Chiradzulu phiri likudyedwa fumbi lili koboo, ndipo vuto lawo lalikulu ndi malo, anthu ndi ambiri dziko ndi laling'ono, ndiye dzenje likangosiyidwa munthu walima kale mpaka m'mphepete penipeni, wina waumba njerwa pomwepo, mtengo sungakule. Ngakhale ku Zomba komwe ndikukutamaku paini wadulidwa kwambiri, malo ena amene ndinadutsa mumthunzi ulendo woyamba ulendo wachiwiri ndinadutsa padzuwa. Ku Dzalanyama, nkhalango imene ili m'malire mwathu momwemu, njinga zambiri zimene ungakumane nazo ndi zonyamula makala kupita ku Lilongwe, ndipo sindingawanyoze anthu aja, ndi njala.

Ku Zambia ndinalowera pa malire a Cassacatiza kutulukira Chanida, nthawi ya Kulamba mu Ogasiti pamene Achewa a maiko atatu timakumana ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, kenako ndinapitirira mpaka ku Chipata. Pa njinga pokha a Chipata ndi akatundu, kunali fakitale yopanga njinga kumeneko kale, ndipo mpaka lero mmisiri wa pansi pa mtengo amakuwongolera limu ndi masipoko mwaluso loti umangoyang'ana. Zipangizo sizisowa, ndinapeza tcheni ndi mabuleki zimene kuno ndimayenera kuitanitsa ku Tete. Njinga zolimba zija za Buffalo nazonso zili mbwee m'midzi.

Koma Zambia yemweyo ndi amene amandiopsa ndikaganiza za maenje. Ku Lusaka m'makomboni ngati Misisi muli zimaenje zimene anakumbamo miyala yomangira mzinda, zinadzaza madzi, nyumba zili m'mphepete, zinyalala zimatayidwa momwemo, mvula ikagwa madzi amasefukira m'makomo ndipo kolera sachedwa. Ku Kabwe ndiye nkhani yomvetsa chisoni, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma mtovuwo udakali m'dothi, ana amaupuma ndi fumbi posewera mpaka umapezeka m'magazi mwawo. Zaka zoposa 30 mgodi utatsekedwa! Ndiye wina akamati dzenje lililonse la madzi tilisandutse posambira ine ndimati dikirani kaye, safunsa anadya phula, madzi ooneka oyera sindiye kuti ndi abwino.

Izi ndikunena dala chifukwa ife a ku Tete tili ndi maenje amene anzathuwa a ku Malawi alibe kukula kwake. Aliyense amene anadutsa pa Moatize wawaona, migodi ya malasha yosakumba mobisa koma yotsegula pamwamba, milu ya dothi lakuda ngati mapiri. Kampani ya Vale inayamba kutulutsa malasha kumeneko mu 2011, mu 2022 mgodi unagulitsidwa kwa kampani ina yotchedwa Vulcan, sitima zimanyamula malashawo kudutsa m'Malawi momwemo mpaka ku doko la Nacala, mtunda woposa makilomita 900, ndipo mabanja oposa 700 anasamutsidwira ku Cateme kuti mgodi upeze malo. Malasha adzatha tsiku lina kapena ogula adzachepa, makina adzachoka, dzenje lidzatsala ndi ife. Ndipo dzenje la malasha si lofanana ndi la kwale, m'miyala ya malasha mumakhala sulufule amene akakumana ndi mpweya ndi madzi amatha kupanga asidi, asidiyo amasungunula zitsulo za m'miyala n'kuzilowetsa m'madzi, ndiye tangoganizani mtsinje wa Revubwe uli pafupi pomwepo ukutsikira mu Zambezi.

Sikuti n'zosatheka kukonza. Ku Germany pafupi ndi mzinda wa Leipzig kuli nyanja yotchedwa Cospudener See, unali mgodi wa malasha wotsegula ngati wathuwu, anaudzaza madzi n'kuutsegulira anthu mu 2000, lero kuli mchenga wosambirapo ndi njira ya njinga yozungulira nyanja yonse. M'dera la Lausitz achita chimodzimodzi ndi migodi yambiri, ndipo kumene madzi anali ndi asidi amathiramo laimu. Koma zimenezo zinadya ndalama zankhaninkhani ndi zaka zambiri, ndipo anayamba ndi kugumula makoma kuti akhale otsetsereka bwino, osati kungosiya mvula idzaze yokha ngati dzenje la agogo aja.

Tsono ife tili ndi chiyani chimene anzathu alibe? Malo, choyamba. Kuchokera ku Angonia kutsikira ku Macanga, ku Furancungo, mpaka ku Chifunde ukhoza kupalasa maola osakumana ndi galimoto, msewu wofiira, miombo mbali zonse, mitsinje ya madzi ozizira, munthu wa gravel bike wa kunja ataona zimenezi akhoza kulira ndi chimwemwe. Kumtunda kuno nyengo ndi yabwino chaka chonse, osati ku Tete mu mzinda kumene mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40 ndipo ukafuna kupalasa uyambe 4 koloko m'mawa, ikamakwana 9 ukhale uli pamthunzi. Chachiwiri malamulo athu si oipa papepala, nthaka ndi ya boma ndipo mudzi uli ndi ufulu wake pa malo amene wakhala ukugwiritsa ntchito, pali gawo la 2.75% la msonkho wa migodi loyenera kubwerera ku madera okumbidwa, pali 20% ya ndalama za nkhalango ndi nyama yopita ku midzi. Ndipo pulogalamu ya Tchuma Tchato inabadwira m'chigawo chathu chomwechi m'zaka za m'ma 1990, cha ku Magoe ndi Zumbo, kuti anthu azidyerera zachilengedwe zimene akukhala nazo, dzina lake likunena lokha, chuma chathu. Ndiye nzeru yoti mudzi uyang'anire malo n'kupindula nawo si yachilendo kuno.

Chimene tilibe ndi chizolowezi. Ife kupuma timakuona ngati kukhala pa baraka ndi botolo la mowa wa 2M m'manja nyimbo zili pamwamba, sindikudana nazo, koma mwana wa ku Ulongwe amakula osafika pamwamba pa phiri la Domwe limene amaliona tsiku lililonse, pamene mnzake wa ku Dedza sukulu imamutengera ku Chongoni kukaona zojambula za pamiyala zimene UNESCO inazizindikira mu 2006. Nyanja ya Cahora Bassa ndi yaikulu zedi, damu lake linatha mu 1974, koma ambiri a ife kumtunda kuno Songo, tawuni ya pa damupo, timangoimva pa nkhani ya magetsi. Komanso kumeneko ng'ona ndi mvuu si zamasewera, ndiye maenje ang'onoang'ono a kumtunda kuno ndi amene angakhale poyambira pabwino.

Ine ndikuona kuti dzenje ngati lija silifuna zambiri. Khoma loongokalo ligumulidwe mbali imodzi kuti ng'ombe kapena mwana akagwa apeze pokwawira, mbali yakuya pazikidwe mitengo ndi chikwangwani cha Chichewa osati Chipwitikizi chokha, chifukwa amene amasambira paja ndi ana amene kalasi yachitatu sanamalize. A zaumoyo atenge madzi akayeze, makamaka nkhono za likodzo poti madzi oima ndi bango ndiye kwawo kwa nkhono zimenezi, ana ambiri amakodza magazi makolo n'kumati ndi kukula. Anthu adziwenso kuti madzi a m'dzenje lakuya pamwamba amafunda koma pansi amazizira kwambiri, munthu wodziwa kusambira mumtsinje akadumphira mwendo umagwidwa n'kumira anzake akuona. Zikatero pabzalidwe mibawa ndi mikuyu, pakhale pomwera ziweto pawokha ndi pochapira pawokha, kanjira kozungulira, mabenchi awiri a matabwa, mayi wina azigulitsa tiyi ndi mbatata Loweruka. Ndipo kampani iliyonse yopatsidwa msewu isalandire ndalama yomaliza isanakonze dzenje lake, apa pokha ndiye ndimakwiya, chifukwa buludoza imene inakumba inali pomwepo, kugumula khoma lija inali ntchito ya masiku awiri.

Ndinakambirana ndi anzanga anayi amene timapalasa limodzi, mmodzi ndi wa kabaza wa ku Dedza amene amawoloka malire pa Calomue pafupifupi tsiku lililonse, iye anati kwawo zikanakhala kuti anyamata anaika kale kachipata n'kumalipiritsa. Tinaseka koma tinagwirizana kuti chipata ayi, amayi ochapa aja ndi agogo a ng'ombe ndiwo eni malo, zoti alendo a njinga abwere kudzawathamangitsa pamadzi pawo sitikuzifuna.

Loweruka likubwerali tibwereranso komweko, tinyamuka 6 koloko pa msika wa Ulongwe, amene ali ndi njinga iliyonse abwere, ya kabaza kaya ya magiya zilibe kanthu, ingokhala ndi mabuleki, tengani pampu, mapachi ndi solushoni chifukwa minga ndi yambiri chigawo chomaliza. Agogo aja analonjeza kuti atiperekeza kwa a nyakwawa tikapemphe chilolezo chozika mitengo ku khoma kuja, ine ndabweretsa kale penti yofiira ndi thabwa, mawu olemba pachikwangwani tikagwirizana komweko ndi eni mudzi.