Nyanja yamchere ndi yathu, koma ndiwo tikukagula ku Malawi

Abale anga a ku Angónia ndi Tsangano, manyazi awa tiwavomere. Mozambique ili ndi gombe la nyanja yamchere lopitirira makilomita 2,400. Tili ndi Zambezi, ndipo Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwechino cha Tete. Anzathu a ku Malawi nyanja yamchere amangoimva pawailesi. Koma kayendeni mumsika wa Ulongwe muone nsomba imene mayi wa tindalama tochepa amakwanitsa kugula. Ndi usipa ndi bonya zodutsa malire.

Chandipsetsa mtima n'cha sabata yathayi. Ndinagula karapau wa m'katoni pagolosale ina. Kaya magetsi anathima kangati, koma pofika kunyumba pamimba pafewa, maso alowa m'kati, fungo mpaka pakhonde la aneba. Karapau ameneyunso si wa m'madzi athu, wambiri amachokera ku Namibia. Tsiku la msika ndinapita pa Lizulu, ndipo ndinapeza amayi a ku Malawi atayala usipa wofutsa milumilu, wouma gwa, wopanda mchenga. Mulu wa ndalama iliyonse ulipo, basera pamwamba.

Usipa umenewu sudikira firiji kapena nduna. Usiku anyamata amalowa panyanja ndi khoka la chilimira, siginala atayatsa nyali kuti nsomba zisonkhane. M'mawa amayi amagula pagombe, kufutsa m'madzi owira, kuyanika pathandala, kenako m'madengu. Lole imatula, wanjinga amanyamula mpaka m'midzi ya kumapiri kuno. Aliyense pamzerewu amadyapo kangachepe.

Nanga ife? Mu 2013 kampani ya boma ya EMATUM inakongola madola 850 miliyoni, ati tiyambe kupha nsomba za tuna. Zombo 24 zinapangidwa ku France, zinafika, n'kungokhala padoko la Maputo kumadyedwa ndi dzimbiri. Ngongole zina zimene boma linabisa zitaululika mu 2016, maiko otithandiza anaimitsa ndalama, metikali inagwa, sopo ndi mafuta ophikira zinakwera. Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano analipira nawo tuna amene sanamuonepo pambale.

Za shaki, nsomba zikuluzikulu za m'nyanja yamchere, ndiye zomvetsa chisoni. Chimene amalonda amafuna si mnofu ayi, ndi zipsepse, zimene amaziyanika n'kutumiza ku Asia kukaphikira supu wodula. Mu 2008 chombo chotchedwa Antillas Reefer chinagwidwa m'madzi athu chikusodza popanda chilolezo, muli matani oposa 40 a shaki. Icho n'chimodzi chimene chinagwidwa. Ndipo shaki samaswana ngati usipa: amakula mochedwa, ana ake ndi ochepa, mukamupulula sabwerera msanga.

A Malawi musakweze mapewa kwambiri, zanunso tikuzidziwa. Chambo chimene munkanyadira chatsala cha anthu a ndalama, Nyanja ya Malombe munaikokolola, ndipo masikito amene amagawa kuti ana asadwale malungo mumakokera tinsomba tosakhwima. Nyengo yotseka nyanja ilipo, koma ena usiku amalowabe. Komanso bakayawo amene mumathyolera nsima ku Blantyre ndi ku Mwanza mukudziwa kumene amachokera.

Apo ndiye pamene pakundiwawa zenizeni, chifukwa nsomba ku Tete kuno ziliko. Kapenta anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika kupita ku damu la Kariba cha m'ma 1967, ndipo damu la Cahora Bassa litatsekedwa mu 1974 anatsika ndi Zambezi n'kudzaswana kwathu. Usiku panyanjapo nyali za mabwato zimachita kuti waliwali. Pende wamchere wa ku Chicoa amadziwika mpaka kunja, ndipo masiku ano ena akuweta pende m'zikwere pamadzi pomwepo. Koma matumba akangodzaza, magalimoto ambiri amaloza ku Zimbabwe, Zambia ndi Congo. Wobwera kumtunda kuno amafika mtengo utakwera, moti mayi amangofunsa n'kupitirira kukagula bonya.

Ine mpira wa Mambas ndi Flames ndidzakuwa mpaka mawu kutha, mbali yanga mukuidziwa. Koma pa nkhani ya ndiwo, amayi a madengu a ku Salima ndi Mangochi atigoletsa zigoli zambiri, pomwe ife ndalama za zombo 24 za akuluakulu athu zija tikubwezabe.