Nsinjiro zikwanira, kirimu si wofunika

Alembi, mwati supu wa maungu sakoma popanda kirimu wa m'sitolo ndi makina opera amagetsi. Apa pokha ndakana. Kuno ku Angónia ambiri m'midzi tilibe magetsi, koma supuyu timaphika ndithu, makamaka mu Juni ndi Julayi chisanu chikafika pachimake.

Nkhani yagona pa dzungu lenilenilo. Sankhani lokhwima, la khungu lolimba loti chikhadabo sichilowa. Lanthete limangotuluka madzi. Ine ndimalisenda, n'kuliduladula, n'kuliphika ndi madzi ochepa pamodzi ndi anyezi wokazinga ndi tomato. Likafewa ndimalipondaponda ndi mthiko mumphika momwemo. Kenako nsinjiro, koma muyambe mwazisungunula m'kapu ya madzi ofunda, apo ayi zichita mibulu. Moto ukhale wochepa ndipo muzitakasa pafupipafupi, chifukwa nsinjiro sizichedwa kupserera pansi pa mphika.

Nthanganso musataye monga mwalembera. Zitsukeni, muziyanike, muzikazinge ndi kamchere, ana amazikonda kwambiri. Zina musunge zambewu.

Anzathu a mumzinda wa Tete, ndi kutentha kwa kumeneko, maungu mumawasunga bwanji kuti asaole msanga? Ife timawaika pamthunzi, pamalo ouma, osagundana.