Musanafunse kuti sukulu yabwino ndi iti, werengani kaye zaka za visa yanu

Loweruka lapitali tinali pa chinkhoswe ku Midrand. Titamaliza kudya, amayi tinasonkhana pakona n'kuyamba nkhani za sukulu, monga mwa masiku onse. Mayi wina amene wangofika kumene kuno ku Joni, amuna ake atasamutsidwa ndi kampani kuchokera ku Blantyre, anandifunsa kuti, "Achemwali, inu mwakhalitsako kuno, sukulu yabwino ya international ndi iti?" Ine ndinati, "Mwana wanuyo akadzakwana zaka 17, mudzakhala muli kuti?" Anaseka poganiza kuti ndikuzemba funso. Sindimazemba. Funso limenelo ndi limene ife sitinadzifunse titangofika, ndipo linatidyera ndalama.

Tikamayendera sukulu timatengeka ndi dziwe losambiramo, kapinga wometedwa bwino ndi ana ovala majekete. Komatu chimene mukugula ndi pepala limene mwana adzatuluke nalo, komanso makomo amene pepalalo lidzatsegule. Sukulu za boma kuno zimatsata silabasi ya CAPS, ndipo mwana amalemba matric, mayeso omaliza sekondale, mu Grade 12. Sukulu zambiri zapulayiveti zimalembetsa mayeso a bungwe lotchedwa IEB (Independent Examinations Board). Anthu ambiri amaganiza kuti IEB ndi ya kunja, koma ayi, ndi ya konkuno, ndipo satifiketi yake ndi National Senior Certificate yomweyo ya matric, yotsimikizidwa ndi Umalusi, bungwe loyang'anira mayeso kuno. Ngati muli ndi mapepala okhazikika ndipo mwana wanu akulozera ku mayunivesite a konkuno ngati Wits, UJ kapena Pretoria, ine sindikuona chifukwa chodzipanikizira ndi fizi ya international. Matric ndi njira yowongoka.

Vuto limabwera kwa ife amene tili kuno mwendo umodzi uli panja.

Bambo a kunyumba anabwera pa visa ya kusamutsidwa ndi kampani, imene siipitirira zaka 4. Mwana wathu woyamba tinamulowetsa Grade 8 pa sukulu ya IEB chifukwa inali pafupi ndi nyumba ku Randburg, ndiponso ana a anzathu a kutchalitchi anali komweko. Chaka chili kumapeto, usiku wina ndinangoyamba kuwerenga zala: 8, 9, 10, 11. Visa ikutha mwana ali Grade 11. Ndiye kuti tikubwerera kumudzi ndi mtsikana wa zaka 17 amene alibe JCE, alibe MSCE, alibe matric, wangonyamula lipoti la kalasi. Akalowa Fomu chani? Mayeso a MANEB a Fomu 4 amafunsa zimene mwana waphunzira mu Fomu 3 ndi 4, ndipo iye sanaonepo ngakhale chikuto cha mabuku akewo. Tulo sindinatione tsiku limenelo. Akuluakulu sananame kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Tinamusamutsira ku sukulu ya Cambridge. Sikuti Cambridge ndi yanzeru kuposa IEB, amene amanena zimenezo sanaone pepala la masamu la IEB. Ubwino wake kwa ife ndi woti imayenda ndi mwana. IGCSE, mayeso a Cambridge amene akuphunzira kuno, ndi yomweyo imene amalemba ku St Andrew's ku Blantyre kapena ku Kamuzu Academy ku Mtunthama. Mayeso amakhalapo kawiri pa chaka, May ndi June, kenako October ndi November, choncho munthu ukhoza kukonza ulendo mozungulira mayeso. Ndipo posankha ana opita ku mayunivesite a boma kwathu, IGCSE imalandiridwa pambali pa MSCE. Mwana akatenga IGCSE ali ndi zaka 16, ali ndi kanthu m'manja, ngakhale mawa lake abwana atanena kuti ntchito yatha.

Ndidutsepo pang'ono pa Afrikaans, chifukwa inatiliza. Kuno mwana amayenera kutenga zilankhulo ziwiri za dziko lino, ndipo sukulu zambiri chachiwiricho chimakhala Afrikaans kapena isiZulu. Ife tinalipira mphunzitsi wapadera chaka chathunthu, mwana akulira Lachitatu lililonse. Tinadzamva mochedwa kuti mwana wobwera, amene wayamba sukulu ya kuno ali m'makalasi apamwamba, akhoza kupempha kuti chilankhulo chachiwiricho achisiye n'kutenga phunziro lina. Palibe amene anatiuza, nafenso sitinafunse. Inu kafunseni tsiku loyamba lomwe.

Nanga IB, International Baccalaureate? Iyi inayambira ku Geneva mu 1968, makamaka pofuna kuthandiza ana a anthu oyendayenda ngati akazembe, ndipo mpaka pano imawayenera anthu oterowo. Kuno imapezeka ku American International School of Johannesburg, kwathu ili ku Bishop Mackenzie ku Lilongwe. Dipuloma yake ndi ya zaka 2. Mwana amatenga maphunziro 6, amalemba nkhani ya kafukufuku ya mawu okwana 4,000, amagwiranso ntchito zothandiza anthu, ndipo mapointi onse ndi 45. Ndi maphunziro abwino, ndaona ana otuluka kumeneko akuyankhula molimba mtima ngati maloya. Koma imafuna mwana amene amakhoza mbali zonse. Mwana wanga sayansi amaidya ngati nsima, koma umuuze kuti alembe ndime zitatu za ndakatulo, thukuta kamukamu. A Level, mayeso a Cambridge otsatira IGCSE, imamulola kusankha maphunziro 3 kapena 4 amene amawatha, enawo n'kuwasiya. Kuonjezera apo, dipuloma ya IB siidulidwa pakati. Mukasamuka chaka choyamba chitatha, muyenera kupeza sukulu ina ya IB yophunzitsa maphunziro omwewo, apo ayi mwana abwerere m'mbuyo.

Ndiyankhule mosabisa za ndalama. Ambiri amene ana awo ali m'sukulu zimenezi salipira okha, ikulipira ndi kampani kapena ofesi ya kazembe. Ngati inunso ndi choncho, zikomo, koma kawerengeni kontirakiti. Kodi akulipira fizi yokha, kapena ndi ndalama yolembetsera, ya chitukuko, basi, laputopu ndi mayeso? Mayeso a Cambridge amalipiridwa phunziro lililonse palokha, ndipo bilu yake imabwera nthawi imene simukuiyembekeza. Nanga ntchito itatha mu June, mungathe kumumalizitsa mwana chaka ndi thumba lanu? Ngati yankho ndi ayi, sukuluyo si yanu. Ndaona mwana akuchotsedwa pakati pa chaka, ndipo chimene chinamupweteka kwambiri sichinali silabasi, anali manyazi pamaso pa anzake.

Kalendala nayonso imaluma. Kuno chaka cha sukulu chimayamba January, kwathu September, ya Amereka ija imatsegula August. Mukanyamuka mu December poganiza kuti mwana wamaliza kalasi bwinobwino, mukafika ku Lilongwe anzake atatha kale teremu yoyamba.

Tsono chimene chandilembetsa zonsezi kwenikweni ndi ichi. Mawu oti "International" pa geti aliyense akhoza kulemba, penti ndi wotchipa. Pali mayi wina wa kwathu amene amaluka tsitsi m'tauni, munthu wolimbikira, amene amadzimana ngakhale ulendo wa kumudzi pa Khirisimasi. Analipira zaka ziwiri pa kasukulu kena ka pamwamba pa mashopu, kokhala ndi dzina lalitali lachingerezi ndi mbendera zambirimbiri pa chikwangwani. Nthawi yolembetsa mayeso itakwana, ndi pamene anauzidwa kuti sukuluyo si malo olemberapo mayeso a Cambridge, mwana akalembetse payekha kwina. Sayansi ankaphunzira popanda labu. Chikomekome cha mkuyu. Mayi uja akanangomusiya mwanayo pa sukulu ya boma ya pafupi, bwenzi pano ali ndi matric. Ndipo musaopsezedwe ndi nkhani ya mapepala: khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula mu 2019 kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa choti alibe zikalata.

Ndiye mukapita kukaona sukulu, musachite manyazi ngati mukupempha. Ndalama ndi zanu. Auzeni akuonetseni kalata yoti analembetsa ku Gauteng Department of Education. Funsani nambala yawo ya Cambridge kapena ya IB, mukaitsimikize nokha pa intaneti. Akakuonetsani zithunzi za ana atatu amene anakhoza bwino, funsani kuti analemba onse anali angati, ndipo enawo anatani. Funsaninso kuti mphunzitsi wa masamu wakhalapo zaka zingati. Ngati mwana angadzafune yunivesite ya konkuno ndi pepala la Cambridge, adzafunika kalata yomuloleza kulowa, yotchedwa exemption, yochokera ku bungwe la Universities South Africa, ndipo iwo amayang'ana kasakanizidwe ka maphunziro amene mwana anatenga. Zimenezo zimakonzedwa posankha maphunziro a IGCSE, osati zotsatira zitatuluka.

Chimodzi chokha chimandiwawabe. Ajeremani ali ndi sukulu yawo kuno kuyambira 1890, lero ili ku Parktown. Afalansa ali ndi Lycée Jules Verne ku Morningside. Ana awo amakula akuwerenga chilankhulo chawo. Ife Amalawi takhala tikubwera ku Joni kuyambira nthawi ya Wenela ndi Theba, koma mwana wanga wachiwiri agogo ake akaimba foni kuchokera ku Ntcheu, amangoti "ndili bwino" kenako n'kundipatsira foni. Palibe silabasi mwa zonse ndatchulazi imene ingakonze zimenezo, ndiye panopa Lamlungu lonse m'nyumba mwathu Chingerezi n'choletsedwa. Amanyinyirika, koma ndiwo akupempha m'Chichewa.

Mayi wa ku chinkhoswe uja wanditumizira uthenga pa WhatsApp dzulo usiku. Akuti anakhala pansi ndi amuna ake n'kuwerenga: kontirakiti ndi ya zaka 3, mnyamata wawo akuyenera kulowa Grade 9. Anali atalipira kale ndalama yosungitsa malo pa sukulu ina yokongola kwambiri, ndipo akufunsa ngati amabweza. Ndamuuza kuti nthawi zambiri sabweza, koma apite akafunsebe, ndipo Lachinayi ndimuperekeza.