Neba wanu mumamudziwa dzina?

Abale anga amene muli kuno ku Cape Town, makamaka inu mwangofika chaka chino, ndimvereni pang'ono. Ambiri timabwera tikuganiza kuti June ndi July wa kuno ali ngati wa kumudzi, kuzizira basi. Ayi ndithu. Kuno mvula imagwa nthawi yozizira yomweyo, pamodzi ndi chimphepo chochokera kunyanja chosasula malata, ndipo ku Cape Flats malo ndi otsika komanso pansi ndi mchenga, ndiye madzi salowera pakhomo pokha, ena amachita kutumphuka pansi pa bedi penipeni.

Amene munalipo mu July 2024 mukukumbuka. Mvula inagwa masiku otsatizana osapumira, a zanyengo anatulutsa chenjezo lalikulu la level 8, pa 11 July masukulu anatsekedwa, mashaki, tinyumba ta malata tija, ambirimbiri ku Khayelitsha ndi madera ena anali m'madzi. A bungwe lothandiza anthu la Gift of the Givers anabwera ndi mabulangete ndi chakudya chotentha, Mulungu awadalitse, koma mabungwe amafika kunja kutacha. Pakati pa usiku denga likugwedezeka amene amatuluka ndi tochi ya pafoni ndi munthu wa khomo loyandikana nalo.

Pamene ndimakhala ine zinali choncho. Mama wina wa Chixhosa amene tinkangopatsana moni wa molo basi anatsegula chitseko nkutenga ana a m'mashaki atatu, shaki yake ili pokwererapo, anawagoneka onse pa bedi limodzi iye nkuchezera pampando. Mnyamata wa ku Zimbabwe anakwera padenga la agogo ena mvula ikumukwapula, ife tikumupatsira matayala akale ndi miyala yopsinjira malata. Azibambo ena anagwira mafosholo kukumba ngalande kuti madzi apite kumsewu, azimayi akukweza matilesi pa makreti a mowa. Kutacha Msomali wa pa spaza, kagolosale ka m'dera lathu, anapereka buledi ndi palafini pa ngongole osaumiriza munthu. Palibe anafunsa mnzake kuti kwanu nkuti kapena mapepala uli nawo.

Ndiye apa mpamene ndili ndi dandaulo ndi ife Amalawi. Timadzipatula kwambiri. Tchalitchi chathu chathu, chipereganyu chathu chathu, gulu la WhatsApp la anthu a kwathu okhaokha, kuchoka kuntchito kulowa m'nyumba nkutseka chitseko. Chifukwa chake ndikuchimvetsa, zachiwawa za 2008 zothamangitsa alendo zija sitinaziiwale ndipo wina ngati mapepala sanakhale bwino safuna kudziwika. Mantha amenewo ndi enieni, sindikuwachepetsa. Koma taganizani, inu muli ku Vrygrond, achimwene anu ali ku Dunoon, mnzanu wa ku tchalitchi ali ku Imizamo Yethu, madera otalikirana, ndi 2 koloko usiku, matakisi sakuyenda, foni yatsala pang'ono kuzima. Pagulu paja adzakulemberani kuti pepani tikukupemphererani, ndipo adzanena ndi mtima wonse, koma lata lanu sangaligwire. Kwathu timati mnzako akapsa ndevu mzimire, nanga tikadutsa boda mnzako amakhala Mmalawi yekha?

Chonde mvula isanayambe gogodani pakhomo la a neba, mudziwane mayina, mutengerane manambala. Akamakumba ngalande ya mu line mwanu tulukani ndi fosholo, musamangosuzumira pawindo. Dziwani khomo limene kuli khanda kapena munthu wachikulire wokhala yekha. Ndipo ichi ndikupempha ndi misozi, musagone ndi mbaula ya makala m'shaki yotseka, utsi wake sununkha koma umapha anthu ali mtulo, ndipo kandulo kapena sitovu ya palafini ikagwa moto wake umatenga line yonse. Mukaona a neba akulowetsa mbaula usiku auzeni, olo mwa Chingerezi chothyokathyoka, olo ndi manja.